Mpata wa Chala Chimodzi Pansi pa Khoma

Ine mutu wanga ndi wouma, ndipo sindikana. Amayi anga ankanena, mkazi wanga Nangozo wanena mpaka kutopa, koma ine ndidavomera mochedwa, zinthu zitaonongeka kale. Nkhani yanga ndi ya mpata waung'ono wongokwana chala chimodzi, umene ndidauzidwa kuti ndiusiye koma ine n'kuutseka. Munthu wina sadaonenso kwawo chifukwa cha mpata umenewo.

Ndidachoka kwathu kufupi ndi Mitundu fodya atangotha kugulitsidwa. Chikamwini chidandikwana: kulima ndine, kufolera nyumba ya apongozi ndine, koma pa nkhani za pakhomo wolankhula ndi mlamu wanga. Ndidauza Nangozo kuti ndikupita ku Halale zaka ziwiri zokha. Iye sadalire, adangondikazingira mtedza ndi chimanga n'kundimangira pakansalu. Zaka ziwirizo zidakula n'kubala zinzake.

Ku Halale ndidayamba ndi kusenza njerwa, kenaka ndidagwera m'gulu lodula zipinda m'nyumba zosanjikizana za maofesi. Kumeneko ndiko ndidaona malodza: khoma lopanda njerwa, lopanda dothi. Tinkayamba taimika mafelemu a matabwa, n'kukhomerapo mabolodi mbali zonse ziwiri, pakati n'kukhala mphako. Bolodi lake ndi choko choyera chotsekeredwa pakati pa mapepala awiri olimba, kutalika kwake kuposa chitseko. Polumikizana mabolodi tinkamatapo pepala ndi pulasitala, ndipo tikapala n'kupaka penti, munthu ankatha kulumbira kuti ndi khoma lenileni. Tsiku loyamba ndidaligogoda n'kuseka. Ndidati azungu awa nzeru zawathera, ayamba kukhala m'makatoni.

Foromani wathu adali mzungu wofiira khosi amene tinkamutcha Kachala. Lamulo lake lalikulu lidali limodzi: bolodi lisagunde pansi. Tinkalowetsa kathabwa kosongoka kunsi kwa bolodi, n'kukaponda ndi phazi kuti bolodilo likwere likagunde kumwamba, ndiye n'kukhoma misomali. M'munsi munkatsala mpata. Kachala ankayenda chogwada m'mphepete mwa khoma akulowetsa chala chake mumpatamo, ndipo pamene chala chakana kulowa ankangoti, "Zula!" Pambuyo pake tinkabisa mpatawo ndi thabwa lopyapyala loyenda m'munsi mwa khoma. Chifukwa chake sadatiuzepo. Iye kwake kudali kukalipa basi.

Zimenezi zinkandiwawa, abale. Kwathu khoma limamera m'nthaka. Umakumba, umazika mitengo, umaphoma, ndipo mkazi akamazira amakwezera dothi m'mphepete kuti ngakhale nyerere isowe polowera. Mpata pansi pa khoma ndi khomo la njoka ndi makoswe, ndiponso ndi manyazi kwa mwamuna. Mkamwini womanga nyumba yotero apongozi amamutumizira mawu. Ndiye ine, munthu wodziwika ku Mitundu konse kuti ndimaphoma bwino, ndizisiya dala mpata n'kuubisa ndi kathabwa ngati mbala?

Mnzanga pantchitoyi adali Amidu, wa ku Nathenje. Ku hositelo bedi lake lidali pamwamba pa langa, ndipo tinkadyera mphika umodzi. Popeza adali Msilamu, nyama ankagula ndi iye, ine n'kumangodya zimene wavomereza. Bambo ake, Che Bwanali, adali telala, ndipo adali ndi kasitolo m'mphepete mwa msewu pa Nathenje pomwepo. N'chifukwa chake ine ndinkamuitana kuti Telala, iye n'kumanditi Mlimi. Sukulu adapita nayo patali kuposa ine. Makalata anga opita kwa Nangozo ankalemba ndiye, n'kumaonjezamo mawu okoma amene ine pakamwa panga sangatuluke.

Tsiku lina ndidamufunsa, "Telala, mpata uwu ndi wa chiyani?"

"Zisiye iwe Mlimi. Khoma ndi lawo, chala ndi chawo. Iwe ugonamo?"

Munthu wachitatu woti ndimutchule ndi a Mbewe, kapitawo wathu, Mmalawi mnzathu. Ankavala jekete yokhala ndi baji ya chipani ngakhale dzuwa liswe mtengo. Masiku amenewo chipani chidali chimodzi, ndipo dzanja lake linkafika mpaka ku Halale. A Mbewe ndiwo ankatigulitsa makhadi a chipani ku hositelo, ndipo chaka chilichonse ankapita kumudzi. Anzathu awiri amene adayankhula motayirira pamowa adakwera basi ya kumudzi bwinobwino, koma kwawo sadafike. Umboni tidalibe. Koma a Mbewe akamabwera, tonse tinkasintha nkhani n'kuyamba za mpira.

Uthenga wa tsoka udabwera pakamwa, ndi munthu wina wochokera ku Nathenje, chifukwa zoterezi sizinkalembedwa m'kalata. Che Bwanali adawatenga. Mayi wina adawabweretsera nsalu ya chipani, ija yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, kuti amusokere diresi. Podula, sizasi idadutsa pankhope, ndipo kachigamba kotsalako adapukutira mafuta pamakina. Wina adaona n'kukanena. Galimoto idabwera masana, ndipo kumene adapita nawo palibe ankadziwa.

Amidu adasintha. Nthabwala zidatha. Chimene chidamugwira moyo n'chimodzi chokha: chaka chikatha apite kwawo, akafunefune bambo ake, akatsegulenso sitolo kuti mayi ake asavutike. Adagula sizasi yatsopano ya chitsulo cholemera n'kuikulunga m'nsalu. Ankati, "Akadzatuluka adzapeze chogwirira."

Tsono ife omanga makoma tidali ndi kamwambo kathu. Tikamatsiriza nyumba, pa khoma lomaliza tinkalemba maina athu ndi midzi yathu m'kati mwa bolodi ndi pensulo, tisanatseke mbali inayo. Tinkati ngakhale mabwana asatidziwe, nyumbayo izitidziwa. Khoma lomaliza m'nyumba imeneyo lidali la m'kanjira ka pansanjika yachitatu, pafupi ndi chipinda chophikiramo tiyi, ndipo lidagwera ife awiri.

Udali mwezi wosala kudya, choncho masana Amidu sadatsike nafe kukadya. Nditabwerako ndidamupeza atagwada, pensulo ili m'manja, bolodi lonse litadzaza malemba kuyambira pamwamba pa mutu mpaka m'miyendo.

"Telala, dzina lako latalika chonchi liti?"

"Ndi kalata yopita kwa ababa," adatero osacheuka. "Ku positi amatsegula, keyala ndilibe. Ndilembe kuti? Khoma silinena."

Ndidaganiza kuti akunena zoona. Ndani angaphwasule khoma latsopano? Malo olemba adatha, choncho ine ndidagona chammimba n'kulemba dzina langa ndi mudzi wanga pansi penipeni, kunsi kwa dzina lake. Tidatseka mbali inayo msangamsanga. Kachala adabwera, adayendetsa chala chake, n'kupita osakalipa.

M'mawa mwake mpamene mutu wanga wouma udagwira ntchito yake. Ndidayang'ana khoma lija, losalala bwino, lokhala ndi dzina langa ndi la mnzanga, kunsi kuli yasa. Ndidati ayi, ena onsewa akhale a Kachala, koma ili ndi lathu. Anzanga atatsika kukadya, Amidu atapita kukapemphera, ndidakanda pulasitala wotsala n'kumata mpata wonse mbali zonse ziwiri, n'kusalaza ndi chala monga amachitira Nangozo pozira. Ndidakhomerapo thabwa la m'munsi lija palibe wondiona. Ndidaimirira n'kudziyamikira ndekha kuti lero ndamanga khoma la munthu.

Padapita miyezi inayi kapena isanu. Tidasamukira ku nyumba ina, ndipo Amidu adali atayamba kale kulongedza katundu wa ulendo. Lolemba lina a Mbewe adatiitana awirife.

"Tengani sowo ndi mipeni. Khoma lanu la pansanjika yachitatu lija lafufuma. Bwana akuti tikadule powola."

Ndidayang'ana Amidu, iye adayang'ana pansi.

Tidapeza maofesi atadzaza anthu, makina olembera akulira mbali zonse. Khoma lathu lidali litatupa m'munsi, penti itasuwa, thabwa lija litakanganuka, fungo la chuku lili guu. Amayi okolopa ankathira madzi m'kanjiramo m'mawa uliwonse, ndipo mpopi wa m'chipinda cha tiyi unkadontha. Makoma ena onse adali bwinobwino. Lowola lidali lathu lokha.

A Mbewe adaima mbali ya kukanjira, mbali yomwe kudali kalata. Ndidafulumira kutenga pensulo n'kujambula mzere wodulira m'munsi kwambiri, chikhatho chimodzi kuchokera pansi.

"Apa pakwana, akapitawo. Kumwambaku n'kouma."

Iwo adatulutsa mpeni n'kubaya pamwamba pa mzere wanga. Mpeni udalowa ngati m'dzungu lophika.

"Pofewa apa. Kweza."

Ndidakweza pang'ono. Adabayanso.

"Kodi iwe lero watani? Mabolodi ndi a bambo ako? Kweza!"

Mzere wachitatu adajambula okha, m'mawondo. Ndidatenga sowo ndisanauzidwe, poganiza kuti ndikadula ndekha ndigwetsa chidutswacho chafufumimba, n'kuchiponda mpaka chisanduke ufa. Amidu adaima kumbuyo kwanga atagwira ndowa ya zinyalala. Ndidadula pang'onopang'ono. Nditakoka, bolodi lonyowalo lidathyokera m'manja mwanga, ndipo chidutswa chachikulu chidagwa chagada pamapazi pa a Mbewe, malemba ali pamtunda.

Ndidatambasula dzanja, koma nsapato yawo idafika poyamba.

"Taima."

Adawerama n'kutola. Milomo yawo inkayenda powerenga. Mawu amene adali pachidutswacho ndi omalizira a kalata ija: "Amene adakuperekani ndikuwadziwa. Dziko lomanga telala chifukwa cha chigamba silidzakhala chonchi mpaka kalekale. Ndine mwana wanu, Amidu Bwanali, wa ku Nathenje."

A Mbewe sadakalipe. Bwenzi zili bwino akadakalipa. Adangomatula pepala lonyowalo pachoko, mosamala kuti lisang'ambike, n'kulipinda kawiri.

"Dzanja ili ndi lako, Amidu?"

"Ndi langa."

"Nanga m'munsimu? Pakuoneka kuti padali dzina lina apa, koma ladyedwa ndi chuku. Ndi la yani?"

Ndidasuzumira. Pamene ndidalemba dzina langa padali bii, pepala litanyenyeka. Madzi amene ndidawaitana ndekha adadya dzina langa lokha, la mnzanga n'kulisiya likuwala. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kunena kuti ndi langa, koma ndidaona Nangozo, ndidaona galimoto itaima pakhomo pa apongozi, lilime n'kukana kutembenuka.

Amidu adayankha osandiyang'ana. "Ndidayambira pamenepo, pensulo n'kuthyoka. Ndidali ndekha."

A Mbewe adandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulowetsa pepala lija m'thumba la jekete. Kenaka adagwada n'kusuzumira m'mphako cha kumwamba. Mudali mdima.

"Kalata siyambira kumapeto. Dulani mpaka kudenga, ndione zonse."

Pomwepo Kachala adatulukira pamakwerero. Sadayang'ane munthu, adangofikira kugwada pansi monga mwa chizolowezi chake. Chala chake chidagunda pulasitala wanga. Khosi lija lidafiira kuposa kale.

"Ndani wamata apa?"

"Ndine, bwana!" Ndidakuwa mpaka atsikana a m'maofesi adasuzumira pazitseko. "Ndine ndekha. Ndidamata dala, mbali zonse ziwiri."

Musandiyese wolimba mtima. Mlandu wa pulasitala udali wopepuka kuuvomera kuposa wa dzina. Koma ndinkafunanso kuti phokoso lonse ligwere pa ine, a Mbewe asapeze mpata wodula khoma lonse.

Kachala adatola kachidutswa kouma ka bolodi, adakaimika m'mbale ya madzi imene idali pansi pa mpopi uja, n'kundigwira pakhosi kuti ndiyang'ane. Madzi adayamba kukwera m'chokomo ndikuona, monga achitira tiyi mu buledi.

"Waona? Bolodi limamwa! Likagunda pansi limamwa! Mpata uja ndi woti madzi adutse osalikhudza, chitsiru iwe!"

Ha! Zaka zonsezo mawu ochepa chonchi adali nawo m'kamwa osatiuza. Koma nanenso zaka zonsezo sindidamufunse. Safunsa adadya phula.

A Mbewe adayesa kumuuza za malemba, koma Kachala adawadula. Adati za kwathu alibe nazo ntchito, iye akufuna khoma. Adalamula kuti a Mbewe ndi Amidu akwere lole abwerere ku nyumba inayo, ine nditsale ndekha ndiphwasule khoma lonse n'kumanga lina m'masiku awiri, ndikatha ndikatenge chitupa changa ntchito yatha.

Lole itangochoka ndidazula bolodi la kalata lija n'kulikokera m'kachipinda kosungiramo matsache. Ndimati ndiliphwanye nthawi yomweyo, koma maso adagwera pa mawu oyamba akuti "Ababa", ine n'kuyamba kuwerenga. Kuwerenga kwanga ndi kwa kamba, komabe ndidawerenga mpaka pansi, ndipo ndidalira ngati mwana. Ndidaganiza kuti kalata iyi ndaipha ndine, ndiye isafe yonse. Katekisimu ndidamuloweza ndi chikoti cha aphunzitsi, kalata iyi ndidailoweza ndi mantha. Ndinkakhoma misomali pang'ono, n'kubwerera kukawerenga mzere wina. Tsiku lachiwiri masana ndidainena yonse maso ali chitsinzinire. Ndidaphwanya bolodilo m'mgolo wa madzi, ndidavundula mpaka lidasanduka phala, n'kukathira m'ngalande. Khoma latsopanolo ndidalisiyira mpata wake, chala chikulowa chonse.

Lamulungu Amidu adandipeza kuseri kwa hositelo ndikuchapa.

"Adakutuma ndani, Mlimi?"

"Palibe. Ndimafuna likhale labwino. Lidali ndi maina athu."

Adaseka kuseka kopanda mano, n'kukhala pamwala. "A Mbewe akupita kumudzi mwezi wamawa. Pepala lija likafika ine ndisanafike. Ndikangoponda pachipata cha m'malire, basi."

"Ndikawauza kuti dzina linalo ndi langa."

"Kuti atenge awiri? Khala chete, usaonjezere uchitsiru pa uchitsiru." Adatulutsa sizasi ija m'malaya. "Iwe dzina lako lidadyedwa, njira yako ndi yoyera. Ukapereke kwa amayi. Ukawauze kuti ndili moyo."

M'mawa mwake bedi la pamwamba lidali lopanda bulangete. Ena adati walowera kumwera, ena adati wasintha dzina. Keyala sadasiye, ndipo adachita bwino.

Ndidabwerera kumudzi ndi sutikesi, mabulangete awiri ndi wayilesi. Pachipata cholowera m'dziko muno adatitsitsa tonse. Wapolisi adayang'ana tsitsi langa ngati latalika, adayang'ana khadi, kenaka adayendetsa chala pa mndandanda wa maina. Adafika pansi pa pepala, n'kundiuza kuti ndidutse. Ndidakwera basi ndikudzimva ngati ndaba mpando wa munthu wina.

Kwathu ndidapeza anthu omwewo koma osinthika. Nangozo adandithamangira, adandilandira sutikesi, ndipo asanafunse za ulendo adandinong'oneza kuti, "Khadi muli nayo?" Mlamu wanga uja adali atakhala mkulu wa anyamata a chipani m'dera lathu, oimitsa anthu pachipata cha msika wa Mitundu. Wayilesi adaiyamikira kwambiri, kenaka adayamba kundifunsa kuti ku Halale ndinkagona ndi yani, ndinkacheza ndi yani. Ndidati ndinkacheza ndi ntchito. Sizasi ndidaisomeka kutsindwi, ndipo idakhala kumeneko miyezi iwiri ine ndikuzengereza.

Adandidzudzula ndi Nangozo. Adaipeza akufuna chikwakwa, ndipo nditamuuza zonse adati, "Chinthu cha eni ake chidzatidula tonse m'nyumba muno. Kaperekeni, apo ayi kaponyeni m'chimbudzi. Koma mukaponya, ine ndidzadziwa kuti ndidakwatiwa ndi munthu wotani."

Ndidatenga thalauza long'ambika kuti likhale chifukwa changa, ndidakulungamo sizasi, n'kupalasa njinga njira ya fumbi yotulukira ku Nathenje. Ndinkayembekeza kupeza mayi ake. Koma pakhonde la kasitolo kaja padali nkhalamba yovala kofiya, yowonda, itakhala pamakina osokera. Mano akutsogolo idalibe, ndipo manja ankanjenjemera polowetsa ulusi. Adali Che Bwanali. Adawatulutsa m'ndende patangopita masabata ochepa Amidu atathawa ku hositelo.

Nditapereka moni ndidatsitsa mawu. "Bambo, ndachokera ku Halale."

"Ku Halale ndilibeko mwana ine!" Adayankha mokweza, kuti wogulitsa nsomba pafupi ndi anyamata okhala pa mabenchi amve. "Ngati mwabwera ndi chosoketsa, bweretsani."

Ndidawapatsa thalauza. Atalitambasula pansi pa thebulo adaona sizasi. Adaigwira, adaitsegula n'kuitseka kamodzi, n'kuibisa m'zigamba. Nkhope yawo sidasinthe.

"Ulusi wa mtundu uwu wandithera," adatero mokwezabe. "Ubwera madzulo. Pakali pano ndiperekezeni kudimba, mukandithandize kunyamula mpiru."

Tidayenda mpaka kudambo. Adadutsa nthochi, adadutsa mpanda wa dimba, n'kukaima pakati penipeni pa mizere ya mpiru, poti munthu ukuona mbali zonse.

"Pano palibe khoma. Nenani. Ali moyo?"

"Ali moyo, bambo. Koma kumene ali sindikudziwa. Adakulemberani kalata, ndipo ili m'mutu mwangamu."

Ndidavula chipewa n'kuyamba. "Ababa, sindikudziwa kumene muli, choncho ndikulemba pano. Ndikusala bwino, musade nkhawa. Sizasi yanu munkaidandaula ija ndakugulirani ina ya chitsulo chabwino. Ndamva kuti amayi akugulitsa zitumbuwa pakhonde, ndipo makina anu adawafunditsa nsalu kuti asachite dzimbiri. Mudandiphunzitsa kuti podula nsalu umayang'ana mzere, osati maluwa. Ndimadzifunsa ngati akukupatsani madzi osamba musanapemphere. Chaka chikatha ndikubwera, ndidzagogoda pa chitseko chilichonse mpaka ndikupezeni." Ndidapitiriza mpaka ndidafika pa mawu akuti, "Amene adakuperekani..."

Adakweza dzanja. "Pamenepo ndikupadziwa. Anthu a chipani adabwera nalo pepalalo."

Ndidalekezera pomwepo.

"Adabwera kawiri," adatero. "Ulendo wachiwiri adanditengeranso kuseri kwa ofesi yawo. Ankafuna zinthu ziwiri: kumene kuli mwana wanga, ndi mwini wa dzina lina limene lidali m'munsi, lodetsedwa lija. Mano awa adatsalira kumeneko. Ndidawauza zoona, kuti sindikudziwa." Adandiyang'ana m'maso. "Koma mumtima ndidati, ngati ndi munthu, tsiku lina adzabwera yekha."

Ndidagwada m'matope momwemo. Ndidawauza zonse: za mpata, za pulasitala, za madzi amene adakwera, za mmene ndidakhalira chete mwana wawo akundiphimba. Ndidati, "Bambo, amene watsekera mwana wanu kunja ndine. Ine ndine wa ku Mitundu, mudzi wa..."

"Chete!" Adanditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha mafuta a makina. "Musandiuze. Mudzi musandiuze, dzina musandiuze. Adzabweranso anthu aja, ndipo ine ndakalamba, sindingapirire ngati kale. Chimene sindikuchidziwa sangandichotse m'kamwa."

Adachotsa dzanja, adakhala pamzere, n'kupukuta m'maso ndi kofiya.

"Dzukani. Nenaninso kalatayo. Muyambire pamene akuti, 'Ababa.'"

Ndidainena katatu tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo, miyezi ingapo ikapita ndinkang'amba dala thalauza kapena malaya, n'kupalasa njinga kupita ku Nathenje. Ulusi unkakhala utawathera nthawi zonse, ndipo tinkatsikira kudimba. Nangozo ankadandaula kuti zovala zanga zatha ndi zigamba, koma ndiye ankandisankhira choti nding'ambe.

Amidu sadabwere. Zinthu zitasintha m'dziko muno ndidafunsa kwa aliyense wochokera ku Halale ndi ku Joni, koma palibe adamuonapo. Che Bwanali adamwalira izi zisanachitike. Ndidafika atawaika kale, poti Asilamu sagoneka maliro. Mayi ake a Amidu adandipeza pakhonde n'kundiuza kuti nkhalamba idasiya mawu, kuti sizasi ija ndiisunge ine mpaka mwini wake adzabwere.

"Adati ndipatse ndani?" ndidafunsa, poganiza kuti mwina adafufuza n'kundidziwa.

"Adangoti, 'Mudzampatse wa thalauza uja.' Dzina lanu sadalidziwe, bambo. Kodi inu ndinu yani?"

Ndidayang'ana anyamata a pa mabenchi aja, ndidalandira sizasi ndi manja awiri, n'kuwauza kuti ndine wa thalauza.